Mmene mungamverere wailesi zakutali muli ku Chipata

Mafunde a wailesi otchedwa shortwave amafika kutali chifukwa amakagunda ionosphere, mpweya wakumwamba umene dzuwa limaupatsa mphamvu yamagetsi, n'kubwerera pansi kuchokera pamtunda wa makilomita pafupifupi 300. Masana, gawo lam'munsi la mpweyawu, lotchedwa D, limameza mafunde a manambala otsika, choncho sakani masiteshoni pakati pa 15 ndi 21 MHz (muyeso wa mafunde umene umalembedwa pawailesi yanu). Dzuwa likalowa gawoli limazimiririka, ndipo ndi bwino kutsikira pakati pa 6 ndi 10 MHz, kumene mawu amamveka bwino usiku.

Mangani waya wa mamita 10 kuchokera pamtengo wa mango kufika pamlongoti wa wailesi yanu, kutali ndi mawaya amagetsi ndiponso matchaja a foni, amene amasokoneza mawu kwambiri. M'nyengo ya dzinja, mphezi zikayamba kung'anima kumapiri, chotsani wayayo pawailesi msanga.