Kamangidwe ka pulogalamu ya kopaletivi ya mpunga motsata ntchito yake: njira ya Domain-Driven Design

Kopaletivi ya alimi a mpunga ku Nkhotakota ikakula, makope a kaundula ndi Excel zimayamba kuchepa mphamvu. Mamembala ena ali ku sikimu ya Bua, ena ku Benga, ena chakumpoto ku Dwangwa. Kopaletivi imawabwereka mbewu ndi feteleza, imagula mpunga wawo wosapuntha, imaupuntha pachigayo n'kukagulitsa ku Lilongwe. Akomiti akaitana akatswiri a mapulogalamu, kawirikawiri amalandira database imodzi yaikulu, ndiye kuti nkhokwe ya m'kompyuta yosungira kaundula m'matebulo, yokhala ndi tebulo la "mpunga" ndi lina la "mlimi". Pakangotha nyengo imodzi yogula, manambala a kunkhokwe amasemphana ndi a msungichuma, makalaliki n'kubwerera ku makope awo, chifukwa pulogalamuyo inamangidwa m'mutu mwa woilemba, amene sanaimepo pasikelo.

Njira ya Domain-Driven Design, imene ambiri amangoti DDD, anaifotokoza Eric Evans m'buku lake la mu 2003. Mfundo yake ndi yakuti magawo a pulogalamu, mayina a zinthu m'kati mwake ndi malamulo ake zichokere kwa anthu amene amagwira ntchitoyo tsiku ndi tsiku. Zotsatirazi ndi mmene mungachitire zimenezi pa kopaletivi yotere.

Yambani ndi khoma, kompyuta idikire

Sonkhanitsani kalaliki woyeza, woyang'anira nkhokwe, woyendetsa chigayo, msungichuma, wogulitsa, alimi awiri kapena atatu, ndi olemba mapulogalamu onse. Wapampando ndi manijala okha sakwanira, pakuti iwo amadziwa mmene ntchito iyenera kuyendera, pomwe kalaliki amadziwa mmene imayenderadi. Matani mapepala aakulu pakhoma mpaka atalike mamita asanu ndi atatu kapena kuposa. Njirayi imatchedwa EventStorming ndipo anaiyambitsa ndi Alberto Brandolini. Aliyense alembe pa kapepala ka mtundu wa lalanje chinthu chimodzi chimene chimachitika pantchito, ngati chachitika kale: "mpunga wayezedwa", "chinyezi chayezedwa", "mpunga wakanidwa", "ngongole yadulidwa", "mlimi walipidwa", "mulu walowa pachigayo". Muzisanje kuyambira kumanzere kupita kumanja motsata nthawi. Timapepala tabuluu tikhale ta zimene munthu amalamula kuti zichitike, monga "lipira mlimi". Pamene anthu atsutsana, matanipo kapepala kofiira n'kupitirira, musathetsere mkanganowo pomwepo.

Timapepala tofiirato ndito tofunika kwambiri. Mudzapeza kuti msungichuma amadziwa kuti ngongole yonse imadulidwa pa ulendo woyamba mlimi akabweretsa mpunga, pomwe kalaliki wa kumsika wina amadula theka lokha kuti mlimi asathawire kwa mavenda. Lamulo limeneli silinalembedwe paliponse, koma likapanda kudziwika pulogalamu idzakanidwa sabata yoyamba. Perekani tsiku lathunthu, ndipo musankhe miyezi isanafike nthawi yokolola, chifukwa mu Meyi ndi Juni simudzapeza kalaliki wokhala pansi.

Mawu amodzi, ndi pamene amasinthira tanthauzo

Lembani mawu onse a ntchito m'ndandanda, lililonse ndi tanthauzo lake, ndipo mawu omwewo alowe m'pulogalamu mmene alili. Evans anautcha mchitidwewu ubiquitous language. Ngati pasikelo amati "kukana mpunga", ntchito ya m'pulogalamu itchedwe kanaMpunga, isakhale updateStatus yokhala ndi nambala 4 imene palibe aliyense adzaikumbukire chaka chamawa.

Mukamalemba mudzaona kuti mawu ena sagwirizanika. Pamalo ogulira, thumba ndi chotengera chabe: lina limalemera makilogalamu 46, lina 55, ndipo chowerengedwa ndi sikelo. Kogulitsa, thumba ndi makilogalamu 50 enieni a mpunga wopuntha, losokedwa, lokhala ndi mtengo wake. Chimodzimodzi mlimi: kwa woona za ngongole ndi membala wokhala ndi gulu lomuimira ndi ndalama zotsala kubweza, koma pasikelo ndi aliyense wabweretsa mpunga, ngakhale si membala. Musakakamize tanthauzo limodzi. Pamene mawu asintha tanthauzo ndi pamene pali malire, ndipo dera lililonse la m'kati mwa malirewo ndilo bounded context. Malirewa amagwira ntchito ngati timizere tadothi tolekanitsa ndime za mpunga kuti madzi a ndime ina asasefukire mwa mnzake.

Pa kopaletivi yotere madera amatuluka asanu: umembala, ngongole za zipangizo, kugula mpunga, nkhokwe ndi chigayo, ndi malonda. Dera lililonse likhale ndi matebulo akeake, ndipo lisawerenge kapena kulemba m'matebulo a linzake. Chogwirizanitsa mlimi wa dera lina ndi wa dera lina chikhale nambala yake ya umembala basi. Onetsetsaninso kuti dera lililonse lili ndi munthu mmodzi wa m'kopaletivi woyankha mafunso ake. Melvin Conway analemba mu 1968 kuti kamangidwe ka zimene bungwe limapanga kamatengera mmene anthu ake amalankhulirana. Ngati wa kunkhokwe ndi wa pachigayo ndi munthu mmodzi, kugawa ntchito yake m'madera awiri kudzangobweretsa chisokonezo.

Madera asanuwa sali olingana kufunika. Kumene kopaletivi imapindulira kapena kuluzira ndi pa kugula ndi pa kudula ngongole, choncho akatswiri anu abwino ndi nthawi yambiri zipite kumeneko. Kaundula wa mamembala akhale wosavuta. Mabuku a zachuma ndi kutumiza ma SMS musalembe nokha, gulani kapena gwiritsani ntchito zimene zilipo kale.

M'kati mwa dera logula

Apa ndi pofunika kudekha. Kulemera ndi ndalama zisasungidwe ngati manambala wamba. Pangani value object, ndiye kuti kachinthu ka m'pulogalamu kosunga nambala pamodzi ndi muyezo wake ndi malamulo ake, ya kulemera yosunga magalamu, ndi ina ya ndalama yosunga matambala, zonse m'manambala athunthu opanda dontho. Manambala a dontho a m'kompyuta amaphonya pang'ono powonkhetsa, ndipo malisiti akafika masauzande kuphonyako kumaonekera pa ndalama. Value object ikapangidwa sisinthidwa, ndipo iyenera kukana yokha zosatheka, monga kulemera kochepera ziro kapena chinyezi choposa 100 peresenti.

Ulendo umodzi wa mlimi pasikelo ukhale aggregate imodzi, ndiye kuti gulu la zinthu zimene zimasungidwa ndi kusinthidwa limodzi kudzera pakhomo limodzi, kuti malamulo ake asathyoledwe. M'kati mwake muli kulemera kwa thumba lililonse, chinyezi, mtundu wa mpunga, kaya Kilombero kaya Faya, ndi mtengo wa pa kilogalamu wa tsikulo. Malamulo ake ndi monga awa: lisiti silituluka chinyezi chisanayezedwe, ndipo likatuluka palibe kusintha kulemera. Kalaliki akalakwitsa, alembe chokonza chatsopano chosonyeza amene wavomereza, cholakwikacho chikhalebe chooneka.

Tengani chitsanzo. Mpunga wosapuntha umasungika bwino chinyezi chikakhala pafupifupi 14 peresenti. Mlimi wabweretsa makilogalamu 512, mutachotsa kale kulemera kwa masaka, ndipo chinyezi chake ndi 17. Ngati lamulo la kopaletivi ndi kulipira molingana ndi 14, muchulukitsa 512 ndi 83 (100 kuchotsa 17) n'kugawa ndi 86 (100 kuchotsa 14), zipereka makilogalamu 494. Makilogalamu 18 otsalawo ndi madzi amene adzauluke m'nkhokwe. Kuwerengetsa kumeneku kukhale pamalo amodzi okha, m'kati mwa aggregate. Kukalembedwa kawiri, pafoni ya kalaliki ndi m'lipoti la msungichuma, tsiku lina wina adzasintha kumodzi n'kuiwala kwinako, ndipo mlimi adzakhala ndi lisiti losemphana ndi ndalama zimene walandira.

Mtengo uyenera kukoperedwa m'lisiti pa nthawi yogula. Ambiri amangoloza ku tebulo la mitengo, ndiye mtengo ukasintha malisiti onse akale amasinthira limodzi. Mitengo yoyambira imene Unduna wa Zaulimi umalengeza imasintha chaka ndi chaka, ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inasintha m'masiku ochepa.

Cholakwika china chofala ndi kupanga aggregate yaikulu ya "mlimi" yokhala ndi ngongole zake zonse, malisiti onse ndi malipiro onse. Makalaliki awiri akamukhudza nthawi imodzi, wina amafafaniza za mnzake, komanso pulogalamu imachedwa chaka chilichonse mbiri ikamakula. Aggregate ikhale yaing'ono, yongokwana malamulo amene ayenera kukhala oona nthawi yomweyo.

Mmene madera amalankhulirana

Dera logula likamaliza, limalengeza chochitika, domain event, monga "mpunga walandiridwa", chonyamula nambala ya lisiti, nambala ya membala, kulemera ndi ndalama. Dera la ngongole limamva n'kuwerengetsa zodula. Dera la nkhokwe limamva n'kuwonjezera pa mulu woyenera. Kunkhokwe mpunga sukhalanso wa mlimi wakutiwakuti, umakhala mulu wa mtundu ndi tsiku, ndipo pachigayo makilogalamu 100 osapuntha amatulutsa pakati pa 60 ndi 70 a mpunga wopuntha, pafupifupi 20 a mankhusu, otsalawo madeya. Dera limeneli lizilemba zolowa ndi zotuluka za mulu uliwonse, chifukwa mulu ukatsika kwambiri pansi pa mlingo umenewu ndiye kuti pali vuto la kaumitsidwe, la makina kapena la manja a anthu.

Malo ambiri ogulira ali kutali ndi msewu wa M5 ndipo netiweki imabwera n'kupita. Foni ya kalaliki izitha kugwira ntchito popanda intaneti: izipanga yokha nambala yosabwerezeka ya mtundu wa UUID pa lisiti lililonse, izisunga zochitika, n'kuzitumiza netiweki ikapezeka. Chochitika chimodzi chikhoza kufika kawiri foni ikabwereza kutumiza, choncho dera lolandira liziyang'ana nambalayo n'kunyalanyaza chachiwiricho. Mukaiwala zimenezi mlimi adzadulidwa ngongole kawiri. Gwirizananinso ndi akomiti za mlimi amene wagulitsa m'misika iwiri tsiku limodzi mafoni asanatumize: kodi adulidwe mawa lake, kapena malipiro adikire? Funso limeneli ndi la akomiti, wolemba mapulogalamu asaliyankhe yekha.

Polipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ikani pakati kachigawo komasulira, kotchedwa anti-corruption layer. Mayina ndi manambala a zolakwika ochokera ku makampaniwo azithera pamenepo, m'kati mwanu muzingolowa "mlimi walipidwa", "malipiro alephera" kapena "malipiro akudikira". Chachitatucho musachisiye, pakuti yankho likachedwa n'kuliyesa lolephera, mudzatumiza ndalama kawiri.

Madera asanu sakutanthauza ma seva asanu, makompyuta oyendetsa pulogalamu. Pa kopaletivi ya mamembala masauzande ochepa, pulogalamu imodzi yogawidwa m'zigawo zisanu, pa database imodzi ya PostgreSQL yokhala ndi schema, kapena kuti gulu la matebulo, yosiyana pa dera lililonse, ndi yokwanira ndipo munthu mmodzi akhoza kuisamalira. Ma microservices, njira yogawa pulogalamu kukhala timapulogalamu tambiri toyenda patokha, amafuna anthu ndi ndalama zimene kopaletivi ilibe. Mangani dera logula poyamba, muliyese pamsika umodzi wokha nyengo yonse pamodzi ndi makope akale, ndipo Lachisanu lililonse kalaliki ndi wolemba mapulogalamu aziyerekeza makilogalamu ndi ndalama za m'kope ndi za m'foni. Zikasemphana, fufuzani lisiti ndi lisiti mpaka mutapeza lamulo limene linaphonyedwa, mulilembe m'ndandanda wa mawu uja, kenako mukonze pulogalamu.