Mukakumana ndi mawu akuti "shoot", musathamangire mfuti

Ntchito yanga ndi yomasulira nkhani za Chingerezi kuti ziwerengedwe m'Chichewa pa wailesi, ndipo achinyamata obwera kudzaphunzira ntchitoyi ndimawayesa ndi mawu akuti shoot. Ambiri amangoti "kuwombera", basi. Sanalakwe, koma pa tsamba limodzi la nyuzipepala mawuwa atha kupezeka kangapo popanda mfuti ngakhale imodzi. Njira imene ndimawaphunzitsa ndi iyi: mawuwo asiyeni kaye, muyang'ane anzake amene ayandikana nawo.

Yambani ndi chimene chatsatira mawuwo. Chikakhala munthu kapena nyama, kawirikawiri nkhaniyo ndi ya mfuti, kapena uta ndi muvi. Pamenepa ndi pofunika kudekha, chifukwa womasulira wopupuluma atha kupha munthu amene ali moyo. He was shot ndiye kuti chipolopolo chamulasa, koma chiganizocho sichinanene kuti wamwalira. Ronald Reagan anawomberedwa mu Washington pa 30 March 1981, ndipo Papa John Paul II anawomberedwa pa bwalo la St Peter's pa 13 May chaka chomwecho. Onse awiri anapulumuka n'kubwerera pa ntchito. John F. Kennedy, amene anaphedwa ku Dallas mu 1963, ndiye amalembedwa kuti was shot dead. Palinso kamawu kakang'ono koti at. He was shot at ndiye kuti wina analozetsa mfuti kwa iye n'kuwomba, ndipo nthawi zambiri amalemba choncho chipolopolo chikaphonya. Musanalengeze maliro, fufuzani ngati dead kapena killed alipo m'chiganizomo. Ngati mulibe, nenani kuti munthuyo wavulazidwa ndi mfuti, kapena kuti anthu anamuwombera koma wapulumuka, malinga ndi mmene nkhani yonse ikunenera.

Chotsatiracho chikakhala film, video kapena wedding, ndiye kuti ndi kujambula. Wojambula akanena kuti I am shooting a wedding on Saturday, akwati asathawe. Vuto limabwera pamene chotsatiracho ndi munthu, monga we shot the bride in the garden. Apa muyenera kudziwa amene akulankhulayo komanso chimene wanyamula m'manja. Ubale wa kamera ndi mfuti ndi wakalekale: mu 1882 wasayansi wa ku France, Étienne-Jules Marey, anapanga kamera yooneka ngati mfuti, yoika paphewa, imene inkajambula zithunzi 12 pa sekondi imodzi, ndipo ankailozetsa pa mbalame zouluka.

Za mpira sindichedwapo, mumazidziwa kale. Shoot ndi kumenya mpira molunjika pagolo, ndipo shoot-out ndi mapenate aja omaliza masewero, monga mmene Zambia inagonjetsera Ivory Coast 8-7 ku Libreville mu 2012 n'kutenga chikho cha Africa. Mwangozi chabe timu ya Zambiayo dzina lake ndi Chipolopolo. Koma mawu omwewo akapezeka pa nkhani ya apolisi ndi mbava, ndiye kuti kunali kuwomberana kwenikweni.

Kukapanda chinthu chowomberedwa, yang'anani kamawu kotsatira, monga up, past, out kapena through. Pamenepa tanthauzo lake ndi liwiro. Prices shot up ndiye kuti zinthu zakwera mtengo mwadzidzidzi, monga umachitira ufa mu Januwale. A minibus shot past ndi minibasi yodutsa mwaliwiro. Mwana amene has shot up watalika msanga moti yunifolomu ya chaka chatha ikulekeza m'ntchafu. Shooting pain ndi ululu wobaya umene umayenda mofulumira, mwina kuchoka m'chiuno kutsikira kumwendo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene pali muzu wa mawu onsewa: chinthu chochoka pamalo ake mwamphamvu ndi mofulumira, kaya ndi chipolopolo, mpira kapena mtengo wa shuga. Mukasowa pogwira, yesani ganizo limenelo, nthawi zambiri limakufikitsani pafupi. Chenjerani ndi shoot up pa nkhani za mankhwala ozunguza bongo, pamenepo ndi kudzibaya jakisoni.

Kenako onani ngati mawuwo ndi mneni kapena dzina. Akatsogozedwa ndi a, the kapena new, ndi dzina. Kwa alimi, shoots ndi mphukira, zija zimatuluka pa chitsa mvula ikagwa. Kwa ojambula, a shoot ndi ntchito yojambulayo. A shot ndiye ali ndi ntchito zambirimbiri: kulira kwa mfuti, chithunzi, jakisoni wa katemera makamaka kwa anthu a ku America, ndi toti ya mowa waukali. Give it a shot ndi kuyesako. A big shot ndi bwana wamkulu, ndipo amene calls the shots ndiye mwini mawu omaliza. Ndipo chonde, shooted kulibe. Dzulo ndi shot, basi.

Olankhula amasokoneza kuposa olemba. Mukauza mzungu kuti muli ndi funso iye n'kuyankha kuti "Shoot!", akuti funsani, ndikumva. Koma wa ku America akagwetsa makiyi n'kunena "Oh, shoot!", akungodandaula, ndipo wasankha mawuwa pofuna kupewa chitukwano china choyamba ndi zilembo zomwezo. Shoot me an email ndi kuti nditumizireni uthenga mwachangu.

Zining'a zake musazimasulire liwu ndi liwu, funani mmene ife timanenera. Amene shot himself in the foot wadziwonongera yekha zinthu. Maganizo amene were shot down pa msonkhano akanidwa kotheratu. Shooting the breeze ndi macheza ongotayitsa nthawi. Don't shoot the messenger sachedwetsa, poti kwathu tili nawo kale: mthenga saphedwa.

Pomaliza maphunzirowa ndimalemba pa bolodi chiganizo chonena za panda, nyama ya ku China imene chakudya chake chachikulu ndi nsungwi: the panda eats shoots and leaves. Tanthauzo lake n'lakuti imadya mphukira ndi masamba. Kenako ndimaika mpatuliro pambuyo pa eats, n'kupempha wophunzira mmodzi kuti amasulirenso. Tsopano shoots ndi leaves asanduka aneni, ndipo panda uja akudya, kuwombera mfuti, n'kunyamuka kumapita. Ndi nthabwala yakale ya Angerezi, koma amene waimvetsa popanda kumufotokozera ndimamupatsa nkhani za apolisi kuti ayambe kumasulira tsiku lomwelo.