Momwe mungasungire mbiri ya banja lanu pa intaneti kuti aziona achibale okha

Mbiri ya banja imakhala yomwazikana. Zithunzi zakale zili mu sutikesi kwa azakhali, makalata ndi masatifiketi ali kwa amalume, ndipo zoti ndani anabereka ndani, anasamuka liti komanso chifukwa chiyani, zili m'mutu mwa agogo amodzi amene atsala. Kuziika pamodzi pa intaneti sikuvuta masiku ano. Pofunika nzeru ndi pa zinthu ziwiri: kuti anthu akunja asazione, komanso kuti zisadzasowe amene anaziyambitsa akadzachoka.

1. Yambani ndi akuluakulu, makina abwere pambuyo

Musanatsegule akaunti iliyonse, tengani foni mukakhale pansi ndi achikulire a m'banja mwanu. Foda mukhoza kupanga chaka chamawa, koma agogo a zaka 88 sangakulonjezeni kuti mudzawapeza.

Apempheni kaye kuti muwajambule mawu, ndipo auzeni amene adzamvetsere. Foni muiike pakansalu pafupi nawo, osaigwira m'manja, wailesi muzimitse. Poyamba nenani nokha tsiku, malo ndi dzina la amene akulankhula, chifukwa pakatha zaka khumi palibe adzakumbukire.

Funso lakuti "Agogo, tatiuzani mbiri yathu" silibala kanthu. Adzangoti, "Aa, mdzukulu wanga, zambiri ndinaiwala." Funsani zing'onozing'ono: "Amayi anu anali ana angati m'mimba mwawo?" kapena "Munkapita kusukulu ndi ndani?" Koposa zonse, aikireni chithunzi chakale m'manja n'kufunsa kuti, "Awa aima kumbuyowa ndi ndani?" Pamenepo nkhani zimatuluka zokha, ndipo inu muzingokhala chete. Akalephera kutchula chaka, musawakakamize. Gwirizanitsani nkhaniyo ndi chochitika chodziwika, monga kufunsa ngati nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, yomwe inatha mu 1945, inali itatha kale pamene bambo awo ankakwatira.

Mawu sadya malo ambiri. Ola lathunthu la MP3 ya 128 kbps silifika ngakhale 60 MB, pamene vidiyo yotalika chimodzimodzi imadya magigabaiti.

2. Jambulani zithunzi ndi zikalata

Ngati muli ndi sikana, ikani pa 300 dpi (muyeso wa kuonekera bwino kwa chithunzi) pojambula zikalata, ndi 600 dpi pa tizithunzi ting'onoting'ono kuti nkhope zizioneka mukazikulitsa. Ngati muli ndi foni yokha, jambulani masana pafupi ndi windo, fulashi mutazimitsa. Pulogalamu yaulere ya PhotoScan ya Google imajambula chithunzi kangapo n'kuchotsa kunyezimira. Musaiwale kuseri kwa chithunzi. N'komwe anthu akale ankalemba mayina ndi zaka.

Achibale akutali akamakutumizirani pa WhatsApp, auzeni atumize ngati "Document". Akatumiza mwachizolowezi, WhatsApp imachepetsa chithunzicho ndipo sichionekanso bwino ngati poyamba.

Fayilo iliyonse muipatse dzina loyamba ndi chaka, mwachitsanzo "1974_ukwati_wa_agogo_aakazi". Mukatero zimadzindandalika zokha kuyambira zakale. Dzina ngati "IMG_2041" silidzathandiza mdzukulu aliyense.

3. Tsegulani malo osungira ndipo muwatseke bwino

Pangani akaunti ya Google yatsopano ya banja, osati yanu ya tsiku ndi tsiku, kuti tsiku lina mudzathe kuipereka kwa wina popanda kum'patsa maimelo anu. Akaunti iliyonse imabwera ndi 15 GB yaulere, yomwe Gmail, Drive ndi Photos zimagawana. Ikani pasiwedi yaitali ndipo yatsani "2-Step Verification", chitetezo chachiwiri chotsimikiza kuti ndinudi polowa.

Mu Drive, malo a Google osungira mafayilo, pangani foda, dinani "Share", kenako yang'anani pansi polembedwa "General access". Pakhale "Restricted". Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amasankha "Anyone with the link" chifukwa n'kosavuta, n'kuponya linkiyo pagulu la WhatsApp. Linki yotere ili ngati kiyi wosiyidwa pachitseko: aliyense amene am'tumizira alowa, ndipo simudziwa kuti ndi ndani. Lembani imelo ya wachibale aliyense payekha. N'zotopetsa pang'ono, koma wina akadzachoka m'banjamo kapena foni yake ikabedwa, mudzangochotsa dzina limodzi.

Ambiri muwapatse "Viewer", yongoona, kapena "Commenter", yoti athe kulemba kuti mwalakwitsa dzina la mwana wachitatu. "Editor" ikhale ya anthu awiri kapena atatu odalirika, chifukwa amenewa angathe kusintha kapena kuchotsa zinthu. M'bokosi la "Share" la fayilo iliyonse muli kachizindikiro ka giya komwe mungaletsere ongoona kutsitsa, kusindikiza kapena kukopera fayiloyo. Izi sizingaletse munthu kujambula sikirini, choncho muziitana anthu amene mumawakhulupirira.

4. Siyanitsani za amoyo ndi za omwalira

Pangani mafoda awiri. La makolo amene anatisiya likhoza kutsegukira abale onse. La anthu amoyo likhale la ochepa, ndipo musaikemo manambala a ziphaso, maadiresi kapena masiku athunthu obadwa a ana. Tsiku lobadwa ndi dzina la amayi asanakwatiwe ndi zina mwa zimene mabanki ndi makampani amafunsa pofuna kutsimikiza kuti ndinudi, ndiye wakuba akazipeza pamalo amodzi mwam'fupikitsira ntchito. Zithunzi za pafoni nazonso nthawi zina zimasunga malo enieni amene zinajambulidwira.

Pali nkhani zinanso zofuna mtima wodekha: mwana wobadwa kunja kwa ukwati, matenda, wachibale amene anamangidwapo. Ine ndimaona kuti nkhani ya munthu wamoyo mwini wake ndi iyeyo. Mufunseni, ndipo akakana, isiyeni. Akuluakulu awiri akasiyana mawu, musaweruze. Lembani zonse ziwiri, n'kuonetsa amene ananena ndi tsiku limene ananenera.

5. Lembani mzera wobadwira

Mayina akachuluka, pepala limodzi silikwana. Webusaiti ya FamilySearch, ya mpingo wa The Church of Jesus Christ of Latter-day Saints, ndi yaulere, koma dziwani mmene imagwirira ntchito musanaikemo kanthu. Anthu amoyo amabisidwa, pamene omwalira amalowa mumtengo umodzi waukulu womwe aliyense wokhala ndi akaunti angaone ngakhale kusintha. Ngati zimenezi sizikukusangalatsani, pali Gramps, pulogalamu yaulere yomwe imakhala pakompyuta yanu ndipo sifuna intaneti.

Iliyonse imene mungasankhe, sungani kope la mzerawo ngati fayilo ya GEDCOM. Mtundu wa fayilowu unayamba mu 1984 ndipo mapulogalamu ambiri a mbiri ya mabanja amauwerenga, moti mukadzafuna kusamuka simudzayambiranso kulemba mayina.

6. Konzekerani tsiku limene inu simudzakhalapo

Kuyambira mu Disembala 2023, Google ikhoza kufufuta akaunti yomwe yatha zaka 2 osagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi zonse zili m'menemo. Akaunti ya banja ndi yosavuta kuiiwala, ndiye muzilowamo miyezi ingapo iliyonse. Tsegulaninso "Inactive Account Manager" n'kusankha nthawi yodikira, miyezi 3, 6, 12 kapena 18. Nthawiyo ikadutsa musanalowe, Google imadziwitsa anthu amene munawatchula, mpaka 10, ndipo angathe kutsitsa zimene munawaloleza.

Komabe musadalire kampani imodzi. Kamodzi pachaka tsitsani zonse ndi Google Takeout, chida cha Google chotsitsira zonse za mu akaunti, muike pa hard drive, ndipo kope lina likakhale kunyumba kwa wachibale wina. Sindikizaninso mzera wobadwira ndi zithunzi zofunika kwambiri m'kabuku, mayina atalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, mukapatse achikulire amene alibe imelo. Muwasiyirenso pensulo kuti akonze pamene mwalakwitsa, ndipo mukadzapitanso mudzatenge zokonzazo n'kuzilowetsa mu foda.