Momwe ndinayeretsera mtsuko wa Wedgwood

Mtsuko wanga ndi umodzi mwa mitsuko ya kampani ya ku England ya Wedgwood yotengera Portland Vase, mtsuko wagalasi wa Aroma womwe uli ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London. Josiah Wedgwood, woyambitsa kampaniyo, anatulutsa yoyamba mu 1790, wangawu ndi wapambuyo pake. Zithunzi zoyera za anthu zomatidwa pamwamba pake zinali zitatuwa, m'mapindo a zovala zawo muli litsiro lakuda bii.

Kupukuta ndi nsalu youma sikunathandize. Yonyowa inangokankhira litsirolo m'kati. Dothi loumbira mtsukowu, lotchedwa jasperware, silikutidwa ndi chonyezimira ngati mbale zodyera, n'chifukwa chake fumbi ndi mafuta a m'manja zimakakamira.

Ndinayala thaulo m'beseni lapulasitiki kuti mtsuko usagunde, n'kuthiramo madzi ofunda ndi timadontho ta sopo wotsukira mbale. Chomwe chinagwira ntchito ndi mswachi wofewa wa ana, wosakwana mapaundi awiri. Ndinkapaka thovu pa chithunzi chimodzi, kudikira mphindi zingapo, kenako n'kumazunguliza mswachi mopepuka. Osakanikiza, chifukwa tizala ndi timasamba ta zithunzizo n'topyapyala, timabenthuka. Ndikatsukuluza, ndiye n'kupita pa china.

Musayerekeze jiki kapena ufa wokwechera mapoto. Ngati mtsuko wanu unamatidwapo ndi guluu, musauviike, madzi amamasula pomatapo. Wanga ndinauumitsa pamthunzi, wogoneka pa thaulo louma.