Momwe mungakonzere nyimbo za karaoke zochitira masewera oimba

Karaoke inayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970, ndipo dzinali limanena za nyimbo yomwe zing'wenyeng'wenye zikulira koma woimba palibe, kuti aliyense wofuna alowepo ndi mawu ake. Ngati mwapatsidwa udindo wokonza masewera oimba pa phwando la achinyamata ku Senga Bay kapena pa chinkhoswe m'tauni ya Salima, mukhoza kukonza nyimbo zotere nokha, bola mukhale ndi laputopu, mahedifoni ndi bandulo yokwanira kutsitsira mapulogalamu.

Yambani ndi kupeza nyimbo yomveka bwino. Nyimbo yomwe yadutsa m'mafoni ambiri kapena yojambulidwa kuchokera pa wailesi imakhala itataya kale mphamvu, ndipo mukaichotsa mawu imamveka ngati ikuimbidwa pansi pa madzi. Sankhani yomwe anthu akuidziwa, chifukwa palibe amene angayerekeze kugwira maikolofoni pa nyimbo yomwe akuimva koyamba. Dziwaninso kuti nyimbo ndi chuma cha mwini wake malinga ndi lamulo la Copyright Act la 2016, choncho ngati pakhomo padzakhala polipiritsa, kapena mukufuna kugulitsa zomwe mwakonzazo, muyambe mwafunsa ku bungwe la COSOMA, lomwe limateteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso m'Malawi.

Kenako chotsani mawu a woimba. Pulogalamu ya Audacity, yomwe ndi yaulere, imachita izi potengera momwe nyimbo zambiri zimajambulidwira: mawu a woimba amaikidwa pakati, mofanana kumanzere ndi kumanja, choncho mbali imodzi ikachotsedwa ku inzake, zapakatizo zimazimirira. Vuto lake ndi lakuti besi ndi ng'oma yaikulu nazonso zimakhala pakati pomwepo, ndiye nyimbo imatsala yopepuka, yosagwedeza munthu. Ngati nyimboyo ndi ya mono, kutanthauza kuti kumanzere ndi kumanja kumamveka zofanana ndendende, njirayi siigwira n'komwe. Pulogalamu ina yaulere, Ultimate Vocal Remover, imalekanitsa mawu ndi zoimbira popanda kupha besi, ngakhale imachedwa pa laputopu yofooka, ndipo ine ndi imene ndimakonda. Timawu tikatsalira chapansipansi musataye nato nthawi, chifukwa timathandiza woimba amene wasokonekera kubwerera mu mzere.

Mukatero, ikonzeni nyimboyo kuti igwirizane ndi sewerolo. Nyimbo ya mphindi 5 ndi yaitali kwambiri pamene anthu 15 akudikira mpata wawo, choncho dulani ndime imodzi ndi kolasi, zosapitirira mphindi 2. Ngati ili pamwamba kwambiri kwa anyamata, gwiritsani ntchito Change Pitch mu Audacity ndi kuitsitsa ndi ma semitone (timasitepe tating'ono ta kukwera kapena kutsika kwa mawu) 2 kapena 3, koma mukapitirira pamenepo zoimbira zimayamba kumveka zachilendo. Pa sewero lomalizitsa mzere, sankhani masekondi angapo pakati pa kolasi ndi kudina Ctrl ndi L kuti pakhale zii. Woimba amayenera kupitiriza yekha, ndipo zoimbira zikabwerera, aliyense amamva ngati anathamanga kapena anatsalira. Pamenepa ndi pomwe anthu amafera nseko.

Gawo lofunika kuleza mtima kwambiri ndi la mawu olembedwa. Lowetsani nyimboyo mu CapCut, pulogalamu yokonzera makanema, ikani chithunzi chakuda kumbuyo, ndipo lembani mawu oyera, akuluakulu, mizere iwiri yokha pa nthawi imodzi. Mawuwo alembeni ndi manja anu mukumvetsera nyimbo yoyambirira ija, ndipo wina awawerenge, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimasandutsa nyimbo yachikondi kukhala choseketsa. Mzere uliwonse uonekere pafupifupi sekondi imodzi woimba asanafike pamenepo, popeza diso limayenera kuwerenga pakamwa pasanatsekuke. Poyambira penipeni ikani manambala 3, 2, 1 motsatira kugunda kwa ng'oma. Tsiku lina ndinaiwala manambalawa, ndipo mtsikana wina wa mawu okoma analowa mochedwa, n'kuyamba kuthamangitsa nyimbo mpaka kumapeto, kenako anatula maikolofoni pa tebulo osayang'ana munthu. Cholakwa sichinali chake.

Sungani kanemayo ngati MP4, musungenso nyimbo yokhayo ngati MP3, ndipo zonse muziike pa fulashi ndi m'foni, kuti magetsi akathima sewero lipitirire ndi sipika ya batire komanso mawu osindikiza papepala. Dzulo lake yesani chilichonse pa sipika yomwe mudzagwiritse ntchito. Bluetooth imachedwetsa phokoso pang'ono, zomwe zimasiyanitsa mawu apakanema ndi nyimbo, choncho lumikizani ndi waya ngati n'kotheka. Woimba aime kumbuyo kwa sipika kuti maikolofoni isalire, ndipo ngati phwando lili kugombe m'nyengo ya mwera, vekani maikolofoniyo kachinkhupule kotchinga mphepo.