Momwe mungatolere rebound mukamateteza pa basketball

Mdani akaponya mpira n'kuphonya, ntchito yoteteza imakhala isanathe mpaka mpirawo ulowe m'manja mwanu; kutola mpira wophonyedwawo ndiko kumatchedwa rebound. Akautolanso iwo utagunda ring, malamulo a FIBA (bungwe loyendetsa basketball padziko lonse) ndi NBA (ligi yaikulu ya ku America) amawapatsa masekondi 14 oti ayesenso. Timu ya San Antonio Spurs inalira chifukwa cholephera kutola rebound mu 2013: pamasewero achisanu ndi chimodzi a fainolo ya NBA yolimbana ndi Miami Heat, ikutsogola 95-92, wosewera wake wamtali Tim Duncan ali pabenchi, LeBron James wa Miami anaphonya, mnzake Chris Bosh n'kutola, n'kupatsira Ray Allen amene anagoletsa mapointi atatu kutatsala masekondi 5.2. Chikho chinapita ku Miami.

Choyamba, mpira ukangochoka m'manja mwa woponya, musathamangire kuyang'ana kumwamba. Ambiri amalakwira apa: maso onse ali ku ring, munthu amene amamulonda uja wazembera kale kumbuyo. Pezani munthu wanu kaye, mumukhudze ndi mkono pachifuwa, kenako tembenukani mumupatse msana. Imeneyo ndiyo box out. Pindani mawondo, miyendo italikirane, chiuno chitsamire pantchafu zake, manja ali m'mwamba. Akasunthira kumanzere, mudzamumva ndi msana, nanunso sunthani. Kumukoka jezi kapena kumukankha ndi manja ayi, wezulo ilira. Ndipo izi ndi za osewera onse asanu, osati aatali okha.

Mukamutsekera, yang'anani mpira tsopano. Woponyedwa kuchokera pakona kawirikawiri umagwera mbali inayo, pomwe wa mapointi atatu umanjanjira kutali, ndiye ma guard (osewera amene amakhala chakutali ndi ring n'kumayendetsa mpira) asafulumire kuthawira kutsogolo. Dennis Rodman, wamtali mamita 2.01 basi, anatsogola NBA pa ma rebound nyengo 7 zotsatizana, kuchokera 1992 mpaka 1998. Ankachita kuphunzira momwe mpira wa woponya aliyense umazungulira komanso komwe umakonda kugwera.

Kenako lumphani muukumane m'mwamba ndi manja awiri. Kuupapasa ndi dzanja limodzi kumaoneka bwino pa TV, koma nthawi zambiri mumangougawira mdani. Mukatera, uikeni pansi pa chibwano, zigongono zili kunja, koma osazigwedezera pankhope ya munthu.

Pomaliza, osayamba kuunjanjitsa pansi pa ring pomwe pali chigulu. Tembenukirani mbali ya mzere wam'mphepete, pomwe guard wanu akuyenera kukhala ataima kale akuitana, mumupatsire adani asanabwerere kukateteza.