Mmene Gulu Lingakonzere Ulendo Wozungulira Iceland pa Galimoto Likugona m'Matenti

Dziko la Iceland ndi chilumba cha kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, ndipo msewu umodzi waukulu, womwe eni dzikolo amautcha Hringvegur koma pa zikwangwani umangolembedwa ndi nambala 1, umazungulira pafupifupi chilumba chonsecho pa mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 1,300. Msewuwu unalumikizana wonse mu 1974, atamanga milatho pa mitsinje ya kumwera yochokera ku madzi oundana a Vatnajökull. Munthu akauyang'ana pa mapu amaona ngati ndi ulendo wa masiku awiri kapena atatu, ndipo pamenepa ndi pamene magulu ambiri amalakwitsira asananyamuke n'komwe. Gulu logona m'matenti liyenera kudzipatsa masiku osachepera 10, ndipo awiri mwa masikuwo akhale opanda ntchito pa ndandanda, chifukwa ku Iceland amene amalamula ulendo ndi mphepo ndi mvula, osati amene analemba ndandandayo.

Nyengo yoyenera ndi ya pakati pa Juni ndi Ogasiti, pamene malo ambiri omangapo matenti amakhala otsegula. Ngakhale imeneyi ndi nyengo yawo yofunda, masana kumangotentha madigiri pafupifupi 10 mpaka 15, ndipo usiku kumazizira kwambiri. Mu Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi mdima weniweni sumagwa, choncho aliyense atenge kansalu kophimba kumaso pogona. Muwauziretu anzanu kuti kuwala kwamitundumitundu kwa kumwamba, kumene dzikolo limadziwika nako, kawirikawiri sikuoneka m'miyezi imeneyi chifukwa kumafuna thambo lakuda; ndi bwino munthu akhumudwe ali kwawo kusiyana ndi kuti adzadandaule tsiku lililonse pa ulendo.

Iceland ili m'chigawo cha Schengen, cha mayiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi, kotero amene pasipoti yake imafuna viza ya m'chigawochi apemphe miyezi ikadalipo, ndipo akhale ndi inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, monga mmene malamulo a vizayo amafunira. Za galimoto zikambidwe nthawi yomweyo. Laisensi wamba imalola munthu kunyamula anthu 8 osawerengera iye mwini, choncho gulu loposa anthu 9 libwereke galimoto ziwiri kapena lilembe dalaivala wa chilolezo cha basi. Ine ndimakonda galimoto ziwiri ngakhale pa gulu la anthu 8, chifukwa matenti, zikwama ndi chakudya zimatenga malo aakulu, komanso ina ikavuta gulu silimakhala pamsewu opanda thandizo. Galimoto iliyonse ikhale ndi madalaivala awiri olembedwa pa pangano lobwerekera, pakuti wina wosalembedwa akachita ngozi, inshuwalansi ikhoza kukana kulipira.

Pangano limenelo liwerengeni mofatsa musanasaine. Makampani obwereketsa galimoto amagulitsa padera inshuwalansi ya timiyala tothamanga tomwe timaswa magalasi, ndi ina ya mchenga ndi phulusa, zomwe mphepo ya m'zigwa za kumwera imauluza mpaka kusupula penti. Ziwirizi ndi zofunika. Koma pali zinthu zina zimene kawirikawiri palibe inshuwalansi imene imalipira, monga kuwononga injini powoloka mtsinje ndiponso chitseko chimene mphepo yachikhotetsa. Chachiwirichi chimachitika kawirikawiri, ndipo njira yochipewera ndi yapafupi: imikani galimoto itayang'ana kumene mphepo ikuchokera, tsegulani chitseko chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo wotsegulayo achigwire ndi manja awiri. Lamuloli libwerezedwe kwa gulu lonse m'mawa uliwonse mpaka lilowe m'magazi.

Kumeneko galimoto zimayenda kudzanja lamanja, nyali zimayaka usana ndi usiku, ndipo aliyense amamanga lamba. Liwiro lololedwa ndi makilomita 90 pa ola pa msewu wa phula, 80 pa msewu wa miyala, ndi 50 m'matauni. Chikwangwani cholembedwa kuti Einbreið brú chimatanthauza mlatho wodutsa galimoto imodzi, ndipo amene wayandikira mlathowo poyamba ndiye amadutsa. Nkhosa zimayenda momasuka nthawi yachilimwe. Mukaona nkhosa yaikazi ili mbali ina ya msewu ndi mwana wake ali mbali inayo, chepetsani liwiro, chifukwa mwanayo adzathamangira kwa make. Misewu ya kumapiri a pakati pa dziko, yomwe nambala yake imayamba ndi chilembo F, imafuna galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo gulu loyenda koyamba lingachite bwino kuisiya.

Tsopano za malo ogona, zomwe ndi mtima wa ulendo wonse. Kuyambira mu 2015 malamulo a dzikolo saloleza kugona m'galimoto yogonamo kapena m'ngolo yake kunja kwa malo ovomerezeka popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo gulu la matenti angapo nalonso liyenera kugona pa malo ovomerezeka. Malowa amatchedwa tjaldsvæði, amapezeka pafupifupi m'tauni iliyonse ya m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo amalipiritsa munthu aliyense pa usiku. Ambiri ali ndi zimbudzi, madzi ndi posambira, ena ali ndi chipinda chophikiramo, ena ayi. Ambiri safuna kusungitsa malo, komabe gulu lalikulu liziimbiratu foni masana kuti lidziwe ngati malo alipo. Kuyendetsa galimoto kunja kwa msewu ndi mlandu wa chindapusa chachikulu, ndipo chifukwa chake n'chomveka: ndere zofewa zimene zimakuta miyala ya chiphalaphala zimatenga zaka makumi ambiri kuti zimerenso pamene tayala kapena nsapato zaponda. Pa chifukwa chomwechi musasonkhe moto pansi, musaunjike miyala ngati chikumbutso, ndipo zinyalala zonse muzizinyamula.

Tenti yogula motchipa, yaitali ngati nyumba, siyenera ulendo umenewu. Sankhani matenti aafupi, a anthu awiri kapena atatu, a timitengo tolimba ndi nsalu yakunja yofika pansi. Tengani zikhomo zowonjezera ndi zingwe zokwanira, chifukwa nthaka ina ndi yofewa ndipo ina ndi ya miyala. Pomanga, yambani kukhomera mbali imene mphepo ikuchokera nsalu isanadzutsidwe, mbali yopapatiza ya tenti iyang'ane mphepoyo, khomo likhale kuseri, ndipo galimoto iimikidwe ngati chotchinga ngati malowo akulola. Anthu awiri azimanga tenti imodzi, kenako inzake, m'malo moti aliyense azilimbana ndi yake. Gulu liyeserere kumanga matentiwa lisananyamuke, pakuti kuphunzira ntchitoyi koyamba mvula ikugwa chopingasa ndi chiyambi cha mikangano yambiri. Amene sangathe kunyamula katunduyu pa ndege akhoza kubwereka ku Reykjavík, likulu la dzikolo.

Pogona pamafunika thumba logonamo lopirira kuzizira kofika madigiri 0, ndi kamatiresi kotchinga kuzizira kochokera pansi, komwe anthu ambiri amakachepetsa pomwe ndi kofunika mofanana ndi thumbalo. Zovala zikhale zosanjikiza: zamkati za ubweya wa nkhosa kapena za nsalu youma msanga, juzi pakati, ndi jekete ndi thalauza zosalowa madzi pamwamba. Zovala za thonje zikanyowa siziuma ndipo zimaziziritsa thupi. Aliyense asunge masokosi ndi zovala zogonera m'thumba la pulasitiki lomanga bwino, ndipo zimenezi zisavalidwe masana ngakhale zitavuta bwanji.

Ndalama ya dzikolo ndi króna, koma pafupifupi paliponse amalandira khadi la kubanki, ndipo pa malo ena omwetsera mafuta opanda wogulitsa pamafunika khadi lokhala ndi nambala yachinsinsi. Chakudya cha m'malesitilanti n'chodula kwambiri, choncho gulu liziphika lokha ndi kugula zambiri m'masitolo otsikirapo mitengo monga Bónus ndi Krónan, ku Reykjavík, ku Selfoss, ku Egilsstaðir ndi ku Akureyri. Timabotolo ta gasi wa chitofu saloledwa pa ndege, kotero mudzagule komweko. Madzi ozizira a pa mpopi ndi abwino kumwa ndipo palibe chifukwa chogulira a m'mabotolo. Otentha amanunkha sulufule m'madera ena chifukwa amachokera pansi pa nthaka. Gulu lisankhe msungichuma mmodzi amene onse adzaponya kwa iye ndalama ya mafuta, chakudya, malo ogona ndi malo oimika galimoto, ndipo azilemba chilichonse tsiku lomwelo. Zosangalatsa zodula, monga kukwera bwato, zikhale za m'thumba la munthu payekha, kuti amene alibe zambiri asakakamizidwe. Ntchito yophika ndi yotsuka mbale izisinthana mwa ndandanda yolembedwa, ndipo dalaivala wa tsikulo asaphike.

Munthu mmodzi apatsidwe udindo wa nyengo. M'mawa ndi madzulo aziona vedur.is, tsamba la nthambi yoona zanyengo, ndi umferdin.is, lomwe limaonetsa mmene misewu ilili, ndipo asiye ndondomeko ya ulendo pa safetravel.is, tsamba la bungwe la anthu odzipereka opulumutsa anzawo pangozi. Nambala ya pangozi ndi 112. Machenjezo a nyengo amabwera mwa mitundu, wachikasu, walalanje ndi wofiira, ndipo gulu ligwirizane lisananyamuke kuti likaona walalanje silidzayenda, popanda kuvota kapena kukambirana. Kuyambira mu 2021 mapiri a m'dera la Reykjanes, kufupi ndi bwalo la ndege la Keflavík, akhala akuphulika mobwerezabwereza, ndipo anthu a m'tauni ya Grindavík anasamutsidwa mu Novembala 2023, choncho malangizo a akuluakulu a dzikolo okhudza dera limeneli azitsatiridwa ndendende. Ngakhale mbali yoyambira kuzungulira, kumwera kapena kumpoto, isankhidwe tsiku lonyamuka potengera kumene nyengo ili yabwino.

Oyambira kumwera amafika poyamba ku Þingvellir, kumene nyumba ya malamulo ya Alþingi inayambira kukumana mu 930, ndipo munthu amayenda m'mng'alu wa pakati pa zigawo ziwiri za nthaka ya dziko lapansi zimene zikutalikirana pang'onopang'ono. Pafupi pali kasupe wa Strokkur amene amaponya madzi owira m'mwamba mphindi zingapo zilizonse, ndi mathithi a Gullfoss otsika mamita 32 m'magawo awiri. Tsiku lotsatira ndi la Seljalandsfoss, kumene kanjira kamadutsa kuseri kwa madzi, ndi Skógafoss, onse a mamita pafupifupi 60, pansi pa phiri la Eyjafjallajökull lomwe phulusa lake linaimitsa ndege za ku Ulaya mu 2010. Pa gombe la mchenga wakuda la Reynisfjara, kufupi ndi Vík, mtsogoleri wa gulu akhale wouma mtima. Nyanja imaoneka yabata, kenako funde limodzi lalikulu limafika patali kuposa ena onse, ndipo alendo angapo amwalira pamenepo. Aliyense aime patali, asafulatire nyanja pojambula, ndipo alemekeze nyali zochenjeza zimene zili polowera.

Dera la Skaftafell, m'malo otetezedwa a Vatnajökull, ndi loyenera kugonapo masiku awiri. Pali njira yoyenda pansi yopita ku mathithi a Svartifoss, ozunguliridwa ndi mizati ya miyala yakuda, ndipo amene akufuna kuponda pa madzi oundana apite ndi wowatsogolera wodziwa ntchito ndi zida zoyenera, chifukwa pansi pake pali ming'alu yakuya yosaoneka. Kutsogolo kuli dziwe la Jökulsárlón, momwe zigumukire za madzi oundana zimayandama polowera kunyanja. Munthu asakwerepo, chifukwa zimagudubuzika mwadzidzidzi. Kuchoka ku Höfn kupita ku Egilsstaðir msewu umakhotakhota m'mbali mwa nyanja, matauni amatalikirana, ndipo nzeru ndi kudzaza mafuta thanki ikafika theka.

Kumpoto kuli mathithi amphamvu a Dettifoss, matope owira a ku Hverir, kumene phazi lisachoke m'njira yoikidwa chifukwa nthaka yake ndi yopyapyala, ndi nyanja ya Mývatn, yomwe dzina lake limanena za tizilombo touluka tambirimbiri ta kumeneko. Kaneti kophimba kumutu n'kotchipa ndipo kamapulumutsa tsiku lonse. Ku Húsavík kuli mabwato okaonera anangumi. Msewu wa pansi pa phiri la Vaðlaheiði, kufupi ndi Akureyri, ndi wolipira pa intaneti, ndipo msungichuma asaiwale zimenezi, chifukwa bilu ikadzera ku kampani yobwereketsa galimoto imabwera ndi ndalama yowonjezera. Ngati masiku awiri osungidwa aja sanadyedwe ndi mphepo, agwiritsidwe ntchito ku Snæfellsnes, kumadzulo, kumene kuli phiri la Kirkjufell.

Pafupifupi tauni iliyonse ili ndi dziwe losambiramo la madzi ofunda, ndipo kwa anthu ogona m'matenti ndi malo abwino kwambiri otenthetsera thupi pa mtengo wochepa. Lamulo lake ndi lakuti munthu asambe ndi sopo thupi lonse, atavula zonse, asanavale chovala chosambira ndi kulowa m'dziwemo. Amuna ndi akazi ali ndi zipinda zosiyana, ndipo eni dziko amalitenga lamuloli mozama, choncho wamanyazi auzidwe msanga kuti akonzeke mumtima.

Usiku womaliza gonani pafupi ndi Reykjavík, chifukwa bwalo la ndege la Keflavík lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera mumzindawo. Umitsani matenti musanawapinde, siyani gasi ndi chakudya chotsala pa mashelefu amene malo ambiri ogona amasungira alendo obwera pambuyo, dzazani mafuta, jambulani galimoto mbali zonse pobweza, ndipo msungichuma awerenge ndalama pamaso pa onse gulu lisanalowe m'bwalo la ndege.